Khutu Saligula pa Msika

Masiku ano munthu ukamayenda m'mamawa m'miseu ya m'Chipata, ya ku Katete kapena ya mu Lusaka, umakumana ndi anthu ambiri olankhula okha. Wina akuseka, wina akukalipa ndi kuloza cala m'mwamba, winanso akugwedeza mutu ngati kuti pali ng'oma imene enafe sitikuimva. Kale munthu wotere tikanamgwira pa dzanja ndi kumperekeza kwa abale ake, poyesa kuti mutu wayamba kubvuta. Koma mukasendera pafupi ndi kuyang'anitsitsa, mudzaona kanthu kakang'ono, koyera kapena kakuda, konga njere ya nyemba, katakhazikika m'khutu mwake. Acinyamata amati ndi maiyafoni, ena amangoti ma Bluetooth. Alibe cingwe cowalumikiza ku foni, ndipo afika kale m'nyumba zambiri za inu awerengi athu, kaya munawaitana kaya ai.

Cimene cimatenga mau ku foni ndi kuwafikitsa m'khutu si matsenga, koma mafunde a wailesi, abale ake a amene amabweretsa nkhani m'wailesi ya pa nyumba, kungoti awa ndi ofooka ndipo kawirikawiri sapitirira mamita 10. N'cifukwa cake mukasiya foni m'nyumba ndi kupita kuseri kwa nkhokwe, nyimbo imayamba kudukaduka. Luso limeneli linayambira ku kampani ya Ericsson m'dziko la Sweden m'caka ca 1994, ndipo dzina lakuti Bluetooth analibwereka kwa Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark imene inagwirizanitsa anthu a m'dziko lake zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tikukumbukira Walkman, kamakina koimba makaseti kamene kampani ya Sony inatulutsa mu 1979. Mnyamata wokhala nako anali mfumu pa mudzi, ndipo anali kubweza kaseti ndi bolopeni kuti asunge mabatire. Koma cingwe cinalipo, cooneka ndi aliyense. Cinayamba kuzimirira mu 2016, pamene kampani ya Apple inatulutsa iPhone 7 yopanda kabowo kolowetsapo cingwe ca mahedifoni, ndipo m'mwezi wa December caka comweco inayamba kugulitsa AirPods. Makampani ena anatsatira, mafakitale a ku China, makamaka a mu mzinda wa Shenzhen, anapanga ao ambirimbiri, ndipo mtengo unatsika. Lero pa msika wa Kapata kapena ku Kamwala mungapeze ena pa mtengo wa nkhuku ya kumudzi.

Tisakunamizeni, abale, ife si adani a cipangizo cimeneci. Nafenso tili nawo, mphatso yocokera kwa mwana wathu wamkazi, amene anaona kuti atate ake akuzemba malangizo a kucipatala. Munthu akapitirira zaka makumi asanu, nyimbo ya a dokotala imakhala imodzi: kuthamanga kwa magazi, shuga, kunenepa. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosacepera 150 pa sabata, ndiko kuti kuyenda ndawala theka la ora masiku asanu. Inu amene mumadzukira ku munda ndi khasu mungaseke pomva izi, ndipo muli ndi cifukwa, pakuti khasu silisowa womthandiza. Koma wa mu ofesi, wa mu sitolo ndi wopuma pa nchito ayenera kucita kufunafuna thukuta. Tsono kuyenda wekha theka la ora n'kotopetsa, pamene ndi nyimbo ya kwaya m'khutu phazi limapeza mtsogoleri, ndipo citunda cimene unali kuciopa umangozindikira wacikwera. Makolo athu anadziwa kale zimenezi. Amai posinja anali kuimba, abambo pokoka ukonde kapena ponyamula denga anali kuimba, osati cifukwa ca cimwemwe cokha, koma kuti manja agwere pamodzi ndi kuti kutopa kucedwe.

Taonanso wodwala m'cipinda ca anthu ambiri ku cipatala akumvera mapemphero usiku osadzutsa mnzake wa pa bedi loyandikana. Taona mwana wa sukulu m'nyumba ya cipinda cimodzi akumvera phunziro ena ali m'tulo, ndi mai wogulitsa tomato akuyankha foni manja onse awiri ali pa nchito. Zonsezi ndi zabwino, ndipo zafika kwa anthu wamba cifukwa cakuti mtengo watsika.

Komatu cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi lingakhale lonyezimira ndi lolembedwa dzina la kampani yochuka, pamene za m'kati mwake zinapangidwa ndi munthu wina wongobera dzinalo. Mukaona dzina lalikulu pa mtengo wa fungo la mafuta, dziwani kuti ndi zacinyengo, ndipo kuli bwino kugula dzina laling'ono loona kusiyana ndi dzina lalikulu labodza. Musapereke ndalama musanayese. Alumikizeni ku foni yanu pomwepo, mverani ngati mbali zonse ziwiri zikulankhula mofanana, ndipo imbirani mbale wanu kuti akuuzeni ngati mau anu akumveka, pakuti ambiri ochipa amaimba bwino koma akakutumizirani mau anu kwa wina amamveka ngati ocokera m'citsime. Wogulitsa wokana kuti muyese wakuyankhani kale.

Wofuna kuthamanga nawo kapena kugwira nawo nchito ya thukuta ayang'ane pa bokosi zilembo zakuti IPX zotsatidwa ndi nambala. IPX4 ndiye kuti amapirira thukuta ndi mvula yowaza. IPX7 ndiye kuti angagwere m'madzi akuya mita imodzi ndi kukhalamo mphindi 30 osaonongeka. Opanda cizindikiro ciliconse sacedwa kufa, popeza thukuta lili ndi mcere, ndipo mcere umadya tizitsulo ta m'kati. Onaninso ngati m'bokosi muli timphira ta misinkhu yosiyana, cifukwa makutu a anthu safanana, ndipo kamene sikakukwanani kadzagwa tsiku limene mwawerama pa citsime, pa mphika wa ndiwo, kapena pa malo ena amene sitiwachula m'magazini ya banja. Kamodzi kakatayika, kanzake kamatsala kamasiye. Pa cifukwa cimeneci ife timaona kuti kwa munthu wa nchito ndi wa ndalama zocepa, abwino ndi aja olumikizana okhaokha ndi kacingwe kodzera kumbuyo kwa khosi. Saoneka acimasomaso ngati enawo, acinyamata amati ndi acikale, koma akacoka m'khutu amangolendewera pa cifuwa, ndipo batire lao limakhala lokulirapo.

Za batirezi tiyenera kunenapo zambiri, pakuti ndi pamene wogulitsa amakhala cete. M'kanthu kalikonse muli kabatire ka lithium kocepa kuposa cikhadabo, kamene kakali katsopano kamagwira maora anai, asanu kapena asanu ndi limodzi, kenaka kayenera kubwerera m'kabokosi kake kukamwa moto. Batire la mtundu umenewu limakalamba nthawi iliyonse likachajidwa, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mumaona kuti maora aja asanduka mphindi. M'wailesi ya kale munali kungotsegula kumbuyo ndi kuikamo mabatire ena. Umu ai. Ambiri anawamata ndi guluu, moti ngakhale anyamata aluso okonza mafoni pa msika amangopukusa mutu. Tinganene kuti munthu sagula maiyafoni, amangowabwereka kwa zaka zocepa. Kutentha kumafulumizitsa ukalamba wao, cotero musawasiye pa windo la galimoto kapena pa mwala m'dzuwa la October. Ndipo akafa musawaponye m'dzala limene mumatenthamo zinyalala, cifukwa batire la lithium likapsa limaphulika, komanso musawasiye poti mwana wokwawa angawatole, pakuti kwa iye ciliconse cozungulira ndi switi.

Caka ca 2024 cinatiphunzitsanso kanthu kena. Cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku, ndipo m'nyumba munali kulimbirana pochajira. Amene anasunga mahedifoni akale a cingwe sanadandaule, popeza iwo safuna moto wao wao. Pali cinanso cimene ambiri sacidziwa. M'mafoni ambiri, cingwe cija ndico cimagwira nchito ya mlongoti wa wailesi ya FM. Mukacicotsa, wailesi ya m'foni imakana kutsegula, ndipo kuti mumvere Radio Maria kapena Breeze FM muyenera kudzera pa intaneti ndi kugula mabando. Cimene cinali caulere casanduka colipira. Agogo a kumudzi amene foni ndiyo wailesi yao, musafulumire kuwalanda cingwe poganiza kuti mukuwatukula.

Zonsezi ndi za ndalama, ndipo ndalama ikatayika ina imapezeka. Cimene catikakamiza kulemba ndi khutu lenilenilo.

M'kati mwa khutu, kupitirira pamene cala cingafike, muli kaciwalo kopindika ngati cigoba ca nkhono. M'menemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya pamwamba, pafupifupi 16,000 m'khutu limodzi, ndipo tiubweya timeneti ndi timene timagwedezeka mau akalowa ndi kutumiza uthenga ku ubongo. Munthu amabadwa nato tonse, ndipo sapatsidwanso tina. Phokoso lalikulu limatigonetsa pansi monga phazi ligonetsera udzu. Udzu ukapondedwa kamodzi umadzuka m'mawa mwake, koma ukapondedwa tsiku ndi tsiku pamasanduka njira, ndipo pa njira sipameranso kanthu. Khungu likacekeka limapola, fupa likathyoka limalumikizana, koma timaselo ta m'khutu tikafa tafa. Zipangizo zothandiza kumva zimene amapereka ku cipatala zimangokuza mau kuti totsalato tigwire nchito, ndipo mtengo wake si wa nkhuku.

Kukula kwa phokoso amakuyesa ndi muyeso wochedwa madesibelo. Anthu awiri akamaceza bwinobwino, mau ao amakhala ca pa 60. A WHO amati munthu wamkulu angamvere mau a madesibelo 80 kwa maora 40 pa sabata popanda kuononga makutu, ndipo kwa ana muyeso wake ndi 75. Koma mau akakwera kufika pa 90, maora aja amatsika kufika pa anai okha pa sabata yonse, ndipo pa 100 zimatsala mphindi zowerengeka. Foni yotsegulidwa mpaka pa mapeto ingafike pa 100 ngakhale kupitirira. Tsono taganizirani mnyamata amene amabvala maiyafoni podzuka ndi kuwabvula pogona, ndipo nthawi zina amagona nawo. Bungwe lomwelo lakhala likucenjeza kuyambira mu 2015 kuti acinyamata oposa 1 biliyoni pa dziko lonse ali pa ciopsezo ca kuonongeka makutu cifukwa ca kamvedwe kotere ndi phokoso la m'malo a zisangalalo, ndipo tsiku la 3 March caka ciliconse linapatulidwa kuti anthu azikumbutsana za kumva.

Coopsa ca bvutoli n'cakuti silipweteka. Cakudza siciimba ng'oma. Munthu sagontha tsiku limodzi, koma amayamba ndi kutaya mau ang'onoang'ono okwera, onga a mbalame ndi a ana. Amamva kuti wina akulankhula koma mau sakumveka bwino, makamaka pa gulu, pa maliro, pa msika kapena m'chalichi. Amayamba kunena kuti anthu a masiku ano amalankhulira m'mano. Ena amamva kulira kwa nkhululu m'khutu usiku ndi usana, kulira kumene sikumveka kwa wina aliyense ndipo sikuzimitsika. Kale matenda amenewa tinali kuwaona kwa nkhalamba, kwa ogwira nchito pa cigayo ndi kwa obwera ku migodi. Iwo aja anataya makutu pofunafuna cakudya ca ana. Zikhala zomvetsa cisoni ngati ana athu adzataya ao ali ndi zaka makumi atatu, atagula okha cowagonthetsa.

Kudziteteza kwake sikufuna ndalama. Mzere wokwezera mau pa foni usapitirire magawo asanu ndi limodzi mwa khumi. Foni ikakucenjezani kuti mwakweza kwambiri, musaiyankhe ngati mukuyankha mlamu wobvuta. Ngati munthu waima pamene dzanja lanu lingafike, akulankhula ndipo simukumumva, mau akwera. Ngati mnzanu wokhala naye pa mpando akutha kuimba nao nyimbo imene ili m'khutu mwanu, akwera kwambiri. Ndipo mukabvula n'kumva kulira m'makutu kapena ngati mwatsekedwa ndi thonje, udzu uja wagona, upatseni masiku oti udzuke. Apa ndi pamene timphira tokwana bwino timapindulitsa koposa. Mu minibasi, injini ikulira, kondakitala akuitana, wailesi ya dalaivala ikubangula, munthu wobvala maiyafoni osatseka bwino amakweza mau kuti apose phokoso lonselo, ndipo khutu limalandira katundu wowirikiza. Otseka bwino amachinga phokoso la kunja, moti mau ocepa amakwanira. Muziwapukutanso kawirikawiri ndi kansalu kouma, pakuti thukuta ndi phula la m'khutu zikaunjikana zimabweretsa zilonda.

Koma cimene cili cabwino mu minibasi ndi coopsa pa mseu. Maso amaona kutsogolo kokha, pamene khutu ndi mlonda wa mbali zonse, ndipo ndi lomwe limatiuza za cimene cikubwera kumbuyo. Othamanga ambiri amatuluka kusanace, m'mbali mwa Great East Road momwe mumadutsa magalimoto akuluakulu opita ku malire a Mwami ndi Chanida. Muli njinga zolemedwa ndi matumba a makala, zimene mabuleki ake ndi phazi la mwini wake ndipo cenjezo lake ndi kabelu kapena mluzu. Muli njinga zamoto zimene zaculuka zaka zino, muli agalu, ndiponso muli anthu amene amakonda kupeza munthu ali yekha ndi foni m'thumba. Wotseka makutu onse awiri pa malo otere wacotsa mlonda pa cipata. Popeza kwathu kuno magalimoto amayenda kumanzere, woyenda pansi ayende ku dzanja lamanja kuti aziona zobwera kutsogolo kwake, ndipo khutu limodzi, makamaka la mbali ya mseu, likhale lotseguka. Ife timayenda ndi kamodzi kokha, kena kali m'thumba. Kwa anyamata onyamula anthu pa njinga tilibe mau ofewa: wanyamula moyo wa mai wa eni ake ndi mwana kumbuyo, makutu onse akhale pa mseu.

Pali kugontha kwina kumene a dokotala sangakuyese. Makolo athu anali kutisimbira za wailesi yoyamba ya anthu wamba m'dziko muno, yochedwa Saucepan Special cifukwa inali yozungulira ngati poto. Inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, pofuna kuti anthu akuda azimva nyumba youlutsa mau ya ku Lusaka, kumene kunali kumveka mau a anthu onga Alick Nkhata. Nayonso inali cipangizo cochipa, monga maiyafoni a lero. Koma wogula wailesi imeneyo sanali kugulira khutu lake lokha. Madzulo mudzi wonse unali kusonkhana pa khonde pake. Ifenso tili ana aang'ono tinakhalapo pa mphasa kumvera nthano za Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza M'madzulo, ndipo kuseka kunali kwa tonse, mantha anali a tonse, ndipo m'mawa mwake ku dambo tinali kukangana za zimene kalulu kapena mfumu ya m'nthanoyo inacita. Cimene mwana wamva, kholo nalonso linamva, ndipo likafuna linali kuikapo mau ake.

Lero m'cipinda cimodzi mungakhale anthu asanu ndi nyimbo zisanu, nyumba ili zii. Bata lotere ena amaliyamikira, ndipo nthawi zina ndi loyamikikadi. Koma kholo silidziwanso cimene cikulowa mwa mwana wake, kaya ndi phunziro, kaya ndi nyimbo yotukwana, kaya ndi mau a munthu wacilendo amene wampeza pa intaneti. Mlendo amaodira pa khomo katatu osayankhidwa m'nyumba muli anthu. Ndipo pa njira, gogo amapereka moni kwa mdzukulu wa mnansi wake, mwanayo n'kudutsa ngati wadutsa citsa. Kunena zoona mwanayo alibe mwano, sanamve cabe. Masiku a Walkman gogo anali kuona cingwe ndi kumvetsa kuti makutu a mnyamata ali pa ulendo. Lero saona kanthu, makamaka kwa mtsikana wobvala duku kapena mnyamata wobvala cisoti, ndipo amapita kwao ndi bala mu mtima, nakauza anzake kuti mwana wa uje wayamba kunyada. Tamvapo milandu ya mabanja imene inayamba ndi moni wosayankhidwa. Kale mwamuna pokumana ndi wamkulu anali kubvula cipewa. Sitikuona cobvuta kuti mwana wa lero, poona wamkulu akubwera, atulutse kamodzi m'khutu ndi kukagwira m'dzanja mpaka moni atatha, kuti wamkuluyo aone ndi maso ake kuti wapatsidwa khutu.

Kwathu amai a ana anakhazikitsa lamulo lao popanda msonkhano: pa nthawi ya nsima maiyafoni onse, ndi a atate omwe, amalowa m'kambale ka pa kabati. Kuwaletseratu sikungatheke, ndipo makolo amene ayesa angophunzitsa ana kubisa. Cimene taona kuti cimathandiza ndi kupempha. "Ukumvera ciani, mwanawe? Tandipatsako kamodzi." Nthawi zambiri mwana amadabwa, amakapukuta pa malaya, n'kukupatsani, ndipo mumadziwa nthawi yomweyo zinthu ziwiri: cimene akumvera, ndi kukula kwa mau amene akumvera.

Mwina opanga sanaganizire zimenezi, koma kusowa kwa cingwe kwacititsa kugawana kukhala kosabvuta. Ana a sukulu anatulukira kale njira yake. Mudzawaona awiriawiri pobwera ku sukulu masana, wina kali kumanja, mnzake kali kumanzere, foni ili m'thumba la mmodzi, akugwedeza mitu pamodzi. Wina akatsalira kumbuyo kukagula zitumbuwa, nyimbo imaduka, ndipo amathamanga kuti ampeze mnzake.